Zithunzi Zopanda Mbalame

Ntchito yoyamba imene ndinagwira mu Lusaka inali yowerenga mbalame za panyanja yamchere, nyanja imene mpaka lero sindinaionepo ndi maso anga. Ndinaigwira miyezi itatu yosakwana.

Anandipezera ndi amalume. Iwo amawotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu ku komboni ya Kalingalinga, mageti, mafelemu a zitseko ndi zitsulo zotchinga mawindo. Chaka chimenecho magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo makina awo ankangokhala atafunditsidwa thumba. Tsiku lina anaitanidwa kukawotcherera zitsulo zoikapo masola padenga la nyumba ina imene inasandutsidwa ofesi. Ali pamakwerero anasuzumira pawindo naona achinyamata atakhala pamzere, aliyense ndi kompyuta yake. Atatsika anavula chipewa, nauza mayi woyang'anira pamenepo kuti kumudzi, ku Katete, kuli mwana wa mlongo wawo amene anamaliza giredi 12, wofatsa, wosamwa, wosabwezera akulu mawu. Mayiwo anati abwere, timuyese miyezi itatu.

Ndinafika kumapeto kwa Okutobala, ndikusiya amayi atangoyamba kugalauza munda okha. Tsiku lomwelo amalume anandikhazika pansi, akazi awo ali pomwepo, nandiuza zoona. Nyumba inali ya zipinda ziwiri, ana anayi, ndipo ntchito yawo inali itatha mphamvu. Ofesi ikandisunga pakatha miyezi itatu, ndikhala. Ikapanda kundisunga, ndikwera basi yobwerera kumudzi, pakuti analibe podyetsera munthu wamkulu wongokhala. Sanalankhule mwaukali. Ndinayankha kuti ndamva, ndipo sindidzawachititsa manyazi.

Mayi woyang'anira tinkawatchula kuti madamu. Tsiku loyamba anatiimika atsopano atatu kutsogolo kwa bolodi, najambula bokosi lalikulu. Anati iyi ndi nyanja ya kudziko lina lakutali, lozizira. Anthu akumeneko akufuna kuzika m'madzimo mizati italiitali, uliwonse wokhala ndi mapiko atatu ozungulira ndi mphepo, opanga magetsi. Koma asanazike, malamulo akwawo amafuna kuti adziwe mbalame zimene zimakhala pamenepo, kuti ndi ziti, zimadyera pati, ndipo zimachuluka miyezi iti, kuopa kuika mapikowo panjira yawo. Kenako anajambula mizere yowongoka yodutsa m'bokosimo. Mwezi ndi mwezi ndege imauluka motsatira mizere imeneyi, kamera ikujambula madzi ali pansi pake. Nyanja yonse sijambulidwa, ndi yaikulu kwambiri. Zimene zimajambulidwa ndi timikwasa topyapyala tokha, ndipo pakati pake pamatsala madzi ambiri osaonedwa ndi munthu. Poona nkhope yanga anandifotokozera ndi za kumunda. Munthu wofuna kudziwa chimanga cha m'munda wonse sawerenga phesi lililonse, amawerenga mizere ingapo n'kuchulukitsa. Choncho mbalame imodzi imene ndiilembe ine idzaimira zina zambiri za m'mipata mosajambulidwamo.

Mawu amenewo ndinawalemba m'kabuku kanga n'kuwadula mzere kunsi ndi rula. Ndinawaloweza monga tinkalowezera mayina a mitsinje kusukulu, osadziwa kumene akupita.

Ntchito yake inali yosavuta kuifotokoza. Chithunzi chimabwera pakompyuta, iwe n'kuchikulitsa, n'kuyenda nacho pang'onopang'ono kuchokera pakona ina kufika pa ina. Ukaona mbalame umaizunguliza kabokosi, n'kusankha ngati ili yokhala pamadzi kapena youluka, ndi mtundu wake ngati ukuoneka. Pakhoma panali chipepala cha mitundu yake, ina yoyera ya mapiko akuda kunsonga, ina yakuda pamsana imene imamira m'madzi kutsata nsomba. Ukaona chinthu koma osatsimikiza, panali batani lake lotanthauza kuti sindikudziwa. Ukapanda kuona kanthu, panali lina lotanthauza kuti palibe.

Chimene sanandiuze n'chakuti zithunzi zambiri zidzakhala zopanda kanthu. Madzi otuwa ngati lata lakale, makwinya okhaokha. Palibe. Chithunzi china, madzi omwewo. Palibe. Nthawi zina m'mawa wonse unkatha ndisanaone mbalame ngakhale imodzi, ndipo pofika masana ndinkadzimva ngati ndaba. Ndinkaona ngati ndikudya nthawi ya anthu, nditakhala pampando wofewa, m'nyumba yoyaka magetsi tsiku lonse, pamene amalume ali pamsewu akuyang'ana babu imene anaipachika pamtengo kuti iwadziwitse magetsi akabwera.

Ndiyenera kunena kumene mantha amenewa anachokera. Pasukulu yathu ya kumudzi, aphunzitsi a giredi 7 ankayenda pakati pa madesiki ndi kamtengo ka mpira tikamalemba mayeso oyeserera. Wolakwa funso sankamumenya. Ankamenya wosiya mpata osayankha. Ankati mpata ndi ulesi, ndipo funso lililonse lili ndi yankho pakati pa zinayi zimene zalembedwazo, ndiye ngati sukudziwa detsa kabokosi kamodzi basi, mwina Mulungu akuona. Anali munthu wabwino ndipo ambiri tinakhoza chifukwa cha iwo. Kunyumba nakonso zinali chimodzimodzi. Mwana wotumidwa sabwera chimanjamanja. Akakutuma mchere ku golosale n'kuupeza watha, umapita kwa anansi, umabwerako ndi kenakake ngakhale ka pachikhatho. Ndipo wamkulu akakufunsa chinthu, sumuyankha mouma kuti sindikudziwa, ngati kuti funso lake ndi lachabe. Umayesa. Umayang'ana nkhope yake n'kupeza chimene akufuna kumva. Kwathu umenewo ndiwo ulemu, ndipo ine ndinkatamidwa nawo kuyambira ndili wamng'ono.

Pafupi nane pankakhala mtsikana wa ku Kanyama, komboni ina ya mu Lusaka, makolo ake ochokera ku Kitwe. Anali atagwira ntchitoyi chaka chathunthu. Zala zake zinkathamanga, ndipo zithunzi zopanda kanthu ankazikonda, ati ndiye popumira maso. Atamva kuti ndine wakum'mawa anayamba kundiseka monga amachitira Abemba, mtundu wakewo, ndi ife pa chibale chathu cha nthabwala, nandipatsa dzina loti bakumunzi, kutanthauza a kumudzi. Ankandifunsa ngati m'kabakuli kanga ka chakudya muli mbewa zingati. Mvula itayamba ankafika ndi majombo, nsapato zili m'pulasitiki, nati amene akufuna kuona nyanja asavutike ndi ndege, abwere kwawo mu Januwale madzi akasefukira, adzaona ndi mabwato a mawilibala omwe. Ine ndinkangomwetulira. Sindinkadziwa kubwezera nthabwala kwa mtsikana.

Mlungu wachiwiri ndinapeza kambalame kenikeni pamalo ovuta, kakuda, kobisika m'mthunzi wa funde. Madamu ankadutsa kumbuyo kwanga. Anaima, nawerama, nandigwira paphewa n'kunena mokweza kuti mwana wa kumudzi uyu ali ndi maso akuthwa. Ena anatembenuka kundiyang'ana. Tsiku limenelo ndinayenda kubwerera ku Kalingalinga osamva miyala pansi pa mapazi. Ndikakumbukira tsopano, ndimaona kuti pamenepo ndi pamene zinayambira kuipa.

Panyanja pamakhala thovu. Funde likasweka limasiya kadontho koyera, ndipo kuchokera kumwamba kadonthoko kamafanana ndi mbalame yoyera yokhala pamadzi. Mbalame yeniyeni imakhala ndi m'mphepete mosalala, mbali ina yosongoka kumene kuli mutu. Thovu limakhala lophwanyikaphwanyika. Koma pali madontho ena apakatikati, amene ungawakulitse mpaka atasanduka timabokosi ta mitundu osadziwabe. Amenewo ndiwo anali a batani la sindikudziwa. Tsiku lina, nditadutsa zithunzi zambiri zopanda kanthu, ndinakumana ndi kadontho kotero. Chala changa chinafika pabatanilo n'kuima. Ndinaganiza za mzungu wina kutali uko akutsegula ntchito yanga n'kupeza kuti mnyamata amene madamu anamutamanda maso uja akuti sakudziwa. Ndinakazunguliza kabokosi n'kulemba kuti mbalame yoyera, yokhala.

Sindinadzione ngati wabodza. Ndinali ndi zifukwa zanga, ndipo zinkaoneka zanzeru. Ndinakula ndikuingitsa mbalame m'munda wa mpendadzuwa wa amayi, ndipo ndinkadziwa kuti pamene waona ziwiri, zina khumi zili pansi pa masamba. Chipepala cha pakhoma chinkanenanso chokha kuti zina zimamira. Choncho ndikaona kabwalo pamadzi, ngati pamene pagwera mwala, ndinkati apa yamira, n'kuilemba. Ndinkaganiza kuti ndikuthandiza anthu a ndege aja ndi nzeru ya kumunda imene iwo alibe.

Madzulo aliwonse ndikafika, ana a amalume ankandithamangira kufunsa kuti lero zingati. Unasanduka mwambo wa pakhomo. Ndikatchula zambiri ankaomba m'manja, ndipo amalume ankagwedeza mutu akusamba m'manja ndi sopo wa ufa. Ndikatchula zochepa ankangoti chabwino, mawa uyesetse. Kwa iwo zinali ngati mageti. Munthu amene wawotcherera atatu wagwira ntchito kuposa amene wawotcherera limodzi. Ndinawamvapo akuuza anzawo apamsewu kuti mwana wa mlongo wawo ndiye amapeza mbalame zambiri kuposa onse a mu ofesimo.

Mtsikana wa ku Kanyama uja ndiye anaona poyamba. Tsiku lina mu Disembala anatembenukira kwa ine kuti abwereke cholembera, maso ake n'kugwera pakompyuta yanga. Anayang'anitsitsa kabokosi kamene ndinali nditangojambula.

"Bakumunzi, iyo ni thovu," anatero motsitsa mawu. "Izi si mbeba zamene mukumba ngakhale simunazione."

Ndinaseka pang'ono poganiza kuti ndi nthabwala zake za masiku onse, koma iye sanaseke. Anandiuza kuti zithunzi zina zimene tamaliza zimaonedwanso ndi akatswiri a kudziko lakutali lija, ndipo zina amazisakaniza dala ali ndi mayankho ake kale, kuti aone ngati maso athu akunena zoona. Anati batani la sindikudziwa sililuma, iye amalidina kambirimbiri patsiku ndipo palibe anamufunsapo. Ndinamuthokoza mwaulemu.

Ndinayesadi. Masiku atatu ndinadina batanilo paliponse pamene ndinakayikira, ndipo mbalame zanga zinachepa kwambiri. Palibe ananena kanthu. Madamu ankadutsa kumbuyo kwanga osaima. Tsopano ndikudziwa kuti anali otanganidwa chabe, koma nthawi imeneyo ndinawerenga chete wawoyo monga ndikanawerengera chete wa amayi kapena wa aphunzitsi, kuti ndawakhumudwitsa. Kunyumba amalume anafunsa ngati maso ayamba kundiwawa. Tsiku lachinayi ndinabwerera ku njira yanga.

Uthenga unabwera pakati pa Januwale, mvula ikugwa kuyambira m'mawa. Madamu anatuluka m'chipinda chawo natiuza tonse kuti tisiye kaye. Anati akunja aja, pochulukitsa ziwerengero zathu, apeza chigawo china cha nyanja chitadzaza mbalame zoyera miyezi iwiri yotsatizana, pamene mizere yoyandikana nacho inalibe zotero, ndipo zaka zam'mbuyo pamalopo sipanaonekepo zotero. Anali atayamba kale kukambirana ngati mizati ya pamenepo isunthidwe, kapena ndege itumidwenso. Kenako wina anatsegula zithunzi zenizenizo, napeza kuti zithunzi za mizere yonseyo zinadutsa pampando wa munthu mmodzi. Madamu sanatchule mpandowo. Anangoti zithunzi zonse za mpando umenewo zibwerezedwa ndi ena onse, Loweruka lililonse mpaka zitatha. Palibe ananditembenukira, ndipo ndinadziwa kuti onse akudziwa.

Anandiitanira m'kachipinda kamene kale kanali khitchini ya nyumbayo, sinki ikadali pakona. Sanandikalipire. Anandifunsa chifukwa chake, ndipo ndinawauza za munda wa mpendadzuwa ndi mbalame zomira. Anatseka maso kanthawi. Kenako anandifotokozera kuti akatswiri a masamu akunjawo amadziwa kale kuti zina zimakhala pansi pa madzi ndege ikamadutsa, ndipo amaziwonjezera okha ndi njira yawo, pamwamba pa zimene ife taona. Ine powonjezera zanga, zinawonjezedwa kawiri, kenako n'kuchulukitsidwa ndi madzi onse osajambulidwa aja. Kadontho kamodzi ka thovu kanasanduka gulu la mbalame papepala la munthu amene sadzandiona. Anatinso chithunzi chopanda kanthu ndi yankho lolemera chimodzimodzi ndi chodzaza, pakuti anthuwo akufunafuna makamaka malo amene mbalame kulibe. Miyezi yonseyo ndinkachita manyazi ndi chinthu chimene ankachifuna.

Anati akukumbukira amalume ataima ndi chipewa m'manja, ndipo sakufuna kundichotsa. Akunja sanalamule kuti ndichoke, anangofunsa ngati munthuyo angaphunzitsike. Choncho andiyesa pomwepo, zithunzi khumi, iwo atakhala pambali panga. Ndikayankha bwino, ndimaliza miyezi yanga itatu ndipo adzandilembera zabwino.

Anatsegula laputopu yawo pathebulo. Choyamba chinali chopanda kanthu, ndipo ndinati palibe. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu chinali ndi ziwiri zouluka, zooneka bwino, mithunzi yake ili pamadzi. Chachinayi chinali thovu loonekeratu, ndipo ndinalitchula. Ankalemba papepala. Pofika chachisanu ndi chiwiri mtima unali utayamba kukhazikika.

Chachisanu ndi chitatu chinali ndi kadontho koyera pafupi ndi m'mphepete. Ndinakakulitsa. Mbali ina kanali kosalala, mbali ina kophwanyika. Ndinakachepetsa, n'kukakulitsanso. Sindinadziwe. Ndikunena izi momveka chifukwa ndinadziwa bwino lomwe kuti sindikudziwa, ndipo mawuwo anali pakamwa panga. Koma madamu anali atawerama pang'ono, cholembera chili pamlomo, nsidze zitakwera. Ndinasiya kuyang'ana chithunzi n'kuyang'ana iwo.

"Ni chani ichi?" anafunsa.

"Mmene mukuonera inu, madamu."

"Nafunsa iwe."

Ndinaganiza kuti sakanawerama chotero pachithunzi chopanda mbalame.

"Ndi mbalame, madamu. Yokhala."

Anachotsa cholembera pamlomo.

"Nanga nikakuuza kuti ni thovu?"

"Ndi thovu ndithu, madamu. Ndaona tsopano."

Anatseka laputopu pang'onopang'ono. Ziwiri zotsalazo sitinazione. Anandiuza, mawu ali pansi, kuti chithunzi chimenecho anachitumiza ndi akatswiri eni ake, ndipo atatu a iwo atachiyang'ana analemba kuti sakudziwa. Anati ulemu wanga ndi wabwino ndipo pali ntchito zambiri zimene ungandithandize, koma pa iyi sangandikhulupirire, chifukwa tsiku lililonse ndidzakhala ndekha ndi chithunzi ndikuganizira nkhope ya munthu. Ndinaimirira, ndinawathokoza chifukwa cha mwayi umene anandipatsa, ndipo ndinabwezeretsa mpando pansi pa thebulo.

Ndikutenga kabakuli kanga ndi kabuku kaja, mtsikana wa ku Kanyama sananditchule bakumunzi. Iye ndiye anali woti azidzadutsa m'madzi a kwawo Loweruka lililonse kudzakonza zimene ndinawononga. Anatulutsa nsapato zake m'pulasitiki muja nandipatsa pulasitikiyo kuti kabuku kasanyowe, kenako anatembenukira kukompyuta yake.

Ndinafika pamsewu wa amalume masana, mvula itakata. Babu ya pamtengo inali ikuyaka. Magetsi anali atabwera mosayembekezeka, ndipo msewu wonse unali phokoso la makina, aliyense akuthamangitsa ntchito yake asanazimenso. Amalume anakweza chophimba kumaso, nandiona nditaima ndi pulasitiki m'manja nthawi imene sindinkayenera kukhala pamenepo. Anandilozera kumapeto kwa geti limene ankalumikiza, ndipo ndinaika pulasitiki pansi n'kugwira chitsulo, nkhope nditatembenuzira kumbali kuopa kuwala. Tinagwira choncho mwina maola awiri, malaya anga a ku ofesi akudetsedwa ndi dzimbiri, mpaka babu inazima ndipo msewu wonse unakhala chete nthawi imodzi.

Pamenepo ndinawauza. Anafunsa ngati ndinaba. Anafunsa ngati ndinachedwapo, kapena ndinayankha madamu mwano. Ndinati ayi pa zonsezo. Ndinayesa kufotokoza za mizere ya ndege, kuchulukitsa ndi zithunzi zimene madamu anandiyesa nazo, koma ndinaona kuti sizikulowa. Iwo anamva kuti ndachotsedwa chifukwa chopeza mbalame zambiri, ndipo anati chinthu chotero sanachimvepo chibadwire. Ananena kuti mawa avala jekete apite akagwade kwa madamu. Ndinawapempha kuti asapite, pakuti mayiwo sanandilakwire. Anakhala pa chitini cha penti, akupukuta zala ndi kansanza.

"Nanga chithunzi chomalizacho," anafunsa, "chinali mbalame kapena ayi?"

"Sindikudziwa, amalume."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana, kenako anayang'ana pansi. Aka kanali koyamba kuwayankha choncho, ndipo sikanathandize kanthu.

Ndinakwera basi ya kum'mawa Lolemba lotsatira. Akazi a amalume anandiphikira mazira awiri a panjira, ndipo mwana wawo wamng'ono, amene sanauzidwe kanthu, anandifunsa pakhomo kuti lero ndikawerenga zingati. Ndinafika kumudzi dzuwa likupendeka. Chimanga cha anansi chinali chitafika m'chiuno. Munda wathu amayi anali atabzala theka lokha, pamene mphamvu zawo zinathera, ndipo theka linalo linali udzu. Nthawi yobzala inali itapita. Anandilandira, nandipatsa madzi, osafunsa zambiri pamaso pa anthu. M'mawa mwake ndinatenga khasu n'kukayamba kupalira mbali imene inabzalidwayo.